Njerwa zachikasu za ku Okayama

Pa 18 Malichi 1967, pamalo owolokera msewu pafupi ndi sukulu ya ana osaona mumzinda wa Okayama ku Japan, anayala njerwa za simenti 230 zokhala ndi timadontho totumphuka pamwamba. Boma silinalipire kalikonse. Anazipereka Seiichi Miyake, bambo amene ankayendetsa nyumba yogona alendo koma mtima wake uli pa kupanga zipangizo zatsopano. Mnzake Hideyuki Iwahashi, wa bungwe lothandiza osaona la Nippon Lighthouse, maso ake ankafa pang'onopang'ono, ndipo Miyake anayamba kusinkhasinkha za mmene mnzakeyo adzadziwire kuti njira ya oyenda pansi yathera pano, kutsogoloku ndi kwa magalimoto. Nzeru imene anapeza mu 1965 inali yakuti phazi limamva ngakhale lili mu nsapato. Ngati maso sangawerenge chikwangwani, nthaka ndiyo ilankhule.

Poyamba zinthu sizinayende. Miyake anapitiriza kupereka njerwazi kwaulere m'mizinda ina, ndalama zake zikutha, ogula osabwera. Chimene chinasintha zinthu ndi njanji. Kwa munthu wosaona palibe malo oopsa ngati pokwerera sitima, pomwe phazi likangophonya wagwera pansi pa njanji. Mu 1970 siteshoni ya Abikocho ku Osaka inayala njerwazi, ndipo mu 1973 munthu wosaona atagwa n'kufa pa siteshoni ya Takadanobaba ku Tokyo, mkwiyo wa anthu unakankha akuluakulu a njanji kuti azifalitse. N'zomvetsa chisoni kuti panafunika maliro kuti amve zimene osaona ankanena kuyambira kale. Miyake anamwalira mu 1982, dziko lonse lapansi lisanatengere nzeru yake.

Njerwazi zili mitundu iwiri. Ya timadontho imachenjeza kuti ima, pali masitepe, msewu kapena mapeto a pokwerera. Ya mizere itali-itali imalondolera njira. Koma kwa zaka zambiri kampani iliyonse inkaumba zake, timadontho tina tating'ono, tina tatikulu, mwakuti munthu wochoka mumzinda wina ankasokonezeka. Japan inakhazikitsa muyezo umodzi mu 2001, ndipo wa dziko lonse, ISO 23599, unatuluka mu 2012.

Mkangano waukulu unabuka pakati pa anthu aulumali okhaokha, ndipo apa m'pamene nkhaniyi imandigwira mtima. Woyenda pa njinga ya olumala amafuna kuti m'mphepete mwa msewu mukhale mosalala, popanda chitunda choti chimukole tayala. Wosaona amadalira chitunda chomwecho, chifukwa ndodo yake yoyera ikachigunda amadziwa kuti wafika pamsewu. Ukasalaza wathandiza uyu, koma winayu wamulowetsa pakati pa magalimoto iye osadziwa. Nawonso timadontho timagwedeza njinga ya olumala, timapunthwitsa agogo oyenda mokoka mapazi. Onse akunena zoona. Ku Japan anagwirizana zosiya kachitunda ka masentimita 2 powolokera, kakang'ono koti tayala likwere, koma kokwanira kuti ndodo ikamve. Palibe amene anakhutira kwathunthu, komabe ine ndikuona kuti muyezo umenewu uli ndi ulemu, poti unachokera pomvera mbali zonse ziwiri m'malo moti katswiri mmodzi agamule ali mu ofesi.

Mtundu nawo unadzetsa phokoso. Njerwa zoyamba zinali zotuwa ngati simenti. Chikasu chinabwera chifukwa ambiri mwa amene timawatcha osaona amaonako pang'ono, ndipo mzere wowala pa nthaka yakuda amatha kuutsata ndi maso. Olemba mapulani a nyumba ena anati chikasu chikuipitsa malo awo okongola, n'kuyamba kuika njerwa zofanana mtundu ndi pansi, kapena timisomali tachitsulo tonyezimira. Apa sindiwayikira kumbuyo ngakhale pang'ono. Chizindikiro chimene wachibisa kuti chisaoneke chasiya ntchito yake. Ku Britain anasankha njira ina: powolokera pamene pali maloboti kapena mizere ya mbidzi amaika zofiira, pena paliponse zotuwirako, ndipo aliyense woyenda mu London amaziponda tsiku ndi tsiku.

Ku Japan tsiku la 18 Malichi limakumbukiridwa ngati tsiku la njerwazi, ndipo pamalo oyamba aja ku Okayama pali mwala wa chikumbutso. Dandaulo la osaona lero ndi anthu oimika njinga zakapalasa ndi zikwangwani zamalonda pamwamba pa mzere wachikasu. Kumasiteshoni nako anthu akugwabe, n'chifukwa chake mabungwe a osaona akulimbikira kuti pokwerera sitima paliponse pakhale mpanda wa zitseko zotseguka pokhapokha sitima ikaima.