Kalavani yoyamba: yambani ndi sikelo, makatani adikire

Chilimwe chikafika kuno ku Britain, misewu yopita ku Cornwall, ku Lake District ndi ku Wales imadzaza ndi magalimoto okoka tinyumba toyera ta matayala. Amenewo ndi makalavani ogonamo. M'kati mumakhala mabedi, chitofu cha gasi, firiji, kachimbudzi ndi bafa. Abale athu ena amene akhazikika kuno ayamba kuwasirira, ndipo m'pomveka, chifukwa kugoneka banja la ana atatu ku hotelo sabata yathunthu pa holide ya sukulu ndi ndalama zoti bambo n'kusowa nazo tulo. Ntchito yanga ndi yokonza makalavani ndi kuphunzitsa anthu kakokedwe kake, ndipo ambiri obwera koyamba amafunsa kuti mugona anthu angati, uvuni ulimo kodi, mipando yake ndi yofewa bwanji. Zimenezo zidikire kaye. Yambani mwafunsa kuti galimoto yanu ingakoke makilogalamu angati.

Pafupi ndi chitseko cha kalavani pamakhala kachitsulo kolembedwa manambala awiri ofunika. Yoyamba, MIRO kapena MRO, ndi kulemera kwa kalavaniyo monga idachokera ku fakitale. Yachiwiri, MTPLM, ndi malire amene siyenera kupitirira mukalongedza zonse. Mukachotsera yoyamba pa yachiwiri, zotsalazo ndiye katundu yense amene mukuloledwa kuikamo, ndipo pa makalavani ambiri opangidwa kuno, kaya ndi a Swift, Bailey, Elddis kapena Coachman, amangokhala makilogalamu 150 kapena kuposerapo pang'ono. Poyamba amamveka ambiri. Koma batire lokha limadya oposa 20, tenti yolumikiza m'mbali mwa kalavani ija amati awning imadya enanso ngati omwewo, ndipo mukaikitsa motor mover, kamakina koyendetsa kalavani ndi rimoti, mwataya ena pafupifupi 30. Apotu simunaike zofunda, mapoto, mbale, njinga za ana ndi thumba la ufa. Ife sitidziwa kuyenda ulendo chimanjamanja, ndiye nkhani imeneyi ikutikhudza kwambiri. Zolemera monga zakumwa ndi zakudya za m'zitini zikwere m'galimoto.

Tsopano galimoto. M'buku lake muli kerbweight, kutanthauza kulemera kwake isananyamule anthu ndi katundu, komanso malire a zimene wopanga adailola kukoka. Makalabu awiri akuluakulu a kuno, Caravan and Motorhome Club yomwe idayamba mu 1907 ndi Camping and Caravanning Club ya mu 1901, amalangiza woyamba kumene kuti MTPLM ya kalavani isapitirire maperesenti 85 a kerbweight. Ngati galimoto yanu ikulemera makilogalamu 1,600, funani kalavani yosapitirira 1,360. Limeneli si lamulo la boma, ndipo wogulitsa wina adzakuuzani kuti galimoto yanuyo ingakoke mpaka matani awiri. Mwina akunena zoona pa mphamvu ya injini. Koma kudzutsa katundu pa chitunda ndi nkhani ina, kumugwira kuti asakugwetsereni m'ngalande lole ikakudutsani pa liwiro ndi nkhani inanso. Chokokedwa chikalemera kufanana ndi chokoka, chimayamba kulamula ndicho.

Za laisensi n'zosavuta masiku ano. Kuyambira pa 16 December 2021, ku England, Scotland ndi Wales munthu wa laisensi wamba ya galimoto ya kuno angakoke kalavani yofika makilogalamu 3,500 popanda mayeso ena. Ku Northern Ireland malamulo ake ndi ena. Amene mwangofika kumene kumbukirani kuti laisensi ya ku Malawi kapena ku Zambia imagwira ntchito miyezi 12 yokha, kenako mumayenera kukhoza mayeso a kuno, pamene ya ku South Africa ndi ya ku Zimbabwe imatheka kusinthitsa. Mayeso a kakokedwe adachotsedwa, koma luso silibwera ndi kakhadi. Makalabu awiri aja amachititsa maphunziro a kakokedwe, ndipo ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa khoma limodzi la kalavani likaphwanyika.

Ambiri amayamba ndi kalavani yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo ndimawayamikira. Mdani wamkulu pamenepo ndi chinyontho. Madzi amalowera m'mbali mwa mawindo ndi m'molumikizira denga, n'kumaoletsa matabwa m'kati mwa khoma kunja kukuwala bwinobwino. Mukalowa, nunkhizani. Fungo la chuku, kapena la pefyumu wambiri wofuna kubisa chinachake, likuchenjezeni. Tsegulani makabati a m'mwamba, dinikizani khoma ndi chala m'makona, yendani pansi ponse kumva ngati pali pobonyoka. Kamakina koyezera chinyontho kakaonetsa pansi pa maperesenti 15 palibe vuto, kakadutsa 20 pafunika kufufuza, kakafika 30 bwererani kunyumba ndi ndalama zanu. Onaninso nambala ya zilembo 17 yolembedwa pa mawindo ndi pa chassis, muifufuze ku CRiS, kaundula wa makalavani amene adayamba mu 1992, kuti mudziwe ngati si yobedwa kapena ya ngongole. Kalavani kuno sipita ku MOT, kuyezetsa kwa pachaka kumene magalimoto amapitako, choncho palibe amene adakakamiza mwini wakeyo kuikonzetsa. Matayala ake amakalamba asanathe mapazi chifukwa amangokhala padzuwa. Pambali pa tayala pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene lidapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2019. Likakwana zaka zisanu lisinthidwe, ndipo lisadutse zisanu ndi ziwiri ngakhale lioneke latsopano.

Kalongedzedwe nako kali ndi mwambo wake. Amene adakwezako chimanga pa ngolo akudziwa kuti matumba akachuluka kumbuyo goli limanyamuka n'kumakola ng'ombe pakhosi, akachuluka kutsogolo limazipsinja. Kalavani imachitanso chimodzimodzi pa towbar, chitsulo chokokera cha kumbuyo kwa galimoto chokhala ndi kampira kumapeto. Kulemera kumene mphuno yake imatsamira pa kampira kachitsulo kaja, noseweight, kuyenera kukhala maperesenti 5 mpaka 7 a kulemera kwa kalavani yonse, koma osadutsa malire a towbar ya galimoto yanu, omwe pa magalimoto ambiri ali pakati pa makilogalamu 75 ndi 100. Pali choyezera chake chogula, ngakhale sikelo ya kubafa ndi kamtengo kodula bwino zimagwiranso ntchito. Zolemera ziikidwe pansi, pamwamba penipeni pa matayala. Makabati a m'mwamba ndi a zovala ndi zopepuka. Chimene simuyenera kuchita n'komwe ndi kuunjika katundu kumbuyo kwenikweni pofuna kupeputsa mphuno, chifukwa katundu wa kumchira ndi amene amayambitsa kudzandira pa msewu.

Polumikiza musamacheze ndi munthu. Kwezani mphuno ndi jockey wheel, katayala kakutsogolo kaja, bweretsani galimoto mpaka kampira kakhale pansi pa cholumikizira, tsitsani mpaka mumve kuti chagwira ndipo chizindikiro chobiriwira chaoneka. Kenako pukusaninso jockey wheel ngati mukukweza: kumbuyo kwa galimoto kukanyamuka nawo, ndiye kuti zagwiranadi. Ngati cholumikizira chanu ndi cha AL-KO chokhala ndi stabiliser, timapadi tofinya kampirako kuti kalavani isadzandire, kampirako kakhale kouma, kopanda girizi ngakhale penti, apo ayi timapadi take sitigwira kanthu. Kolekani breakaway cable pamalo ake pa towbar. Ndi kawaya kooneka konyozeka, koma kalavani itati yamasuka pa msewu, ndi komweko kamene kamakoka mabuleki ake. Lowetsani pulagi ya magetsi, ya mapini 13 pa makalavani atsopano, wina aime kumbuyo akuuzeni ngati ma indiketa ndi magetsi a mabuleki akuyaka. Kwezani jockey wheel ndi miyendo inayi ya m'makona, tsekani gasi pa silinda, tsekani mawindo ndi a padenga omwe, masulani handibuleki. Nambala puleti ya kumbuyo ifanane ndi ya galimoto. Mangani magalasi owonjezera oonera kumbuyo, chifukwa kalavani ndi yotambalala kuposa galimoto, ndipo kuyenda osaona bwino kumbuyo kungakulipitseni mpaka mapaundi 1,000 ndi mapointi atatu a chilango pa laisensi. Ana adzapempha kukwera m'kalavanimo ulendo uli m'kati. Ndi mlandu, akanizeni.

Pa msewu liwiro lanu latsika: mamailosi 60 pa ola pa motorway ndi pa dual carriageway, 50 pa msewu wamba wa kunja kwa tauni. Pa motorway ya mizere itatu kapena kuposa, mzere wa kumanja kwenikweni si wanu. Pokhota pitirirani pang'ono musanapinde chiwongolero, popeza matayala a kalavani amadula kona. Siyani mpata waukulu kutsogolo, ndipo potsetsereka tsitsani giya musanayambe kutsika. Kalavani ikayamba kudzandira uku ndi uku, thupi limakuuzani kuti pondani buleki, kapena limbanani nayo ndi chiwongolero. Zonse ziwiri zimawonjezera vuto. Ena amati onjezerani liwiro kuti iwongoke, amenewo musawamvere. Gwirani chiwongolero mowongoka, chotsani phazi pa accelerator pang'onopang'ono, liwiro lizitsika lokha mpaka kalavani itakhazikika. Mukapeza poima, kaoneni kalongedzedwe ndi mpweya wa m'matayala.

Rivesi ndiye imachititsa manyazi akuluakulu ambiri, makamaka pofika ku kampu anthu atakhala pa mipando yawo tiyi ali m'manja. Gwirani chiwongolero m'munsi: kumene dzanja lanu lapita ndi kumene mchira wa kalavani upite. Pindani pang'ono, yendani ngati mukuwerenga mapazi, ndipo ikapindika kwambiri pitani kutsogolo muyambirenso. Wokuthandizani aime pamene mukumuona pa galasi, ndipo mugwirizane zizindikiro musanayambe, chifukwa mabanja ambiri ayambanirapo pamenepa. Kayesereni kaye pa bwalo loimikapo magalimoto lopanda anthu. Zikakanika, kumasula n'kuikankha ndi manja si tchimo, ndipo anansi a pa kampu amabwera okha kudzathandiza.

Mukafika, woyang'anira malo adzakuuzani mbali ya kachikhomo kosonyeza malo anu imene kalavani iyenera kuima. Musanyozere, amatero kuti pakhale mamita 6 pakati pa kalavani ndi inzake poopa moto. Ikani levulo pansi m'kati. Yambani kuwongola mbali ndi mbali kalavani ikadali yolumikizidwa, pokwezera tayala la mbali yotsika pa ramp. Mangani handibuleki, ikani zotchinga ku matayala, masulani galimoto, kenako wongolani kutsogolo ndi kumbuyo ndi jockey wheel. Pomaliza tsitsani miyendo ya m'makona mpaka ingogunda pansi molimba. Miyendo imeneyi si jeke, mukanyamulira kalavani mupinda pansi pake. Kuwongolaku si kwa tulo tokha: firiji ya m'kalavani siziziritsa bwino ikapendekeka, ndipo madzi a m'sinki satsika.

Chingwe cha magetsi chitambasuleni chonse, chifukwa chokulungidwa chimatentha. Lumikizani ku kalavani kaye, ku chipilala cha magetsi pambuyo, ndipo pochoka muyambe kuzula ku chipilalako. Makampu ambiri amapereka ma amp 10 kapena 16. Ma amp 10 ndi mawati pafupifupi 2,300, pamene ketulo ya kunyumba yokha imafuna 3,000, ndiye mukaiyatsa pamodzi ndi hita muzimitsa magetsi anu, mwinanso ndi a mnansi. Gulani ketulo yaing'ono ya pa kampu. Madzi mumakatunga pa mpopi ndi mgolo wogubuduza wa malita 40 umene ambiri amautchula kuti Aquaroll, ndipo otsukira mbale amagwera mu thanki ina pansi. Chimbudzi chili ndi kathanki kosolola panja, kokakhuthula pamalo ake okhaokha, osati mu ngalande kapena patchire. Musadikire kuti kadzaze, kamalemera. Pa gasi, butane amaleka kutuluka bwino kukazizira kufika pa madigiri 0, choncho woyenda m'miyezi yozizira agule propane.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimanena mobwereza kwa anthu akwathu. Nyama yootcha pa makala timaikonda, ndipo usiku wa ku Britain umazizira ngakhale mu July. Mbaula kapena chootchera chilichonse chisalowe m'kalavani kapena mu awning, ngakhale makala aoneke ngati azima. Amatulutsabe carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo. Onetsetsani kuti alamu ya mpweya umenewu ndi ya utsi zili ndi mabatire amoyo, ndipo timabowo tolowetsa mphepo pansi pa kalavani musatitseke ngakhale kuzizire bwanji.

Musanalipire, dziwaninso kumene kalavaniyo izikagona miyezi imene simukuyenda. Eni nyumba za lendi ambiri salola kuimika pakhomo, ndipo nyumba zina zogula zili ndi pangano loletsa zomwezo, ndiye mungafunike kulipira malo osungira. Inshuwalansi ya galimoto kawirikawiri imalipira zimene kalavani yawononga kwa ena pokoka, osati kalavaniyo, choncho imafuna yakeyake, ndipo a inshuwalansi ya galimoto muwauze kuti mwaikitsa towbar. Ulendo woyamba usakhale wa ku Scotland. Sankhani kampu ya pafupi, ya ola limodzi kuchokera kunyumba, masiku awiri okha, munyamuke m'mawa kuti mukafike kukuwala. Mukalowa kalabu, muli timakampu tating'ono ta pa mafamu totchedwa CL kapena CS, tolandira makalavani asanu okha, kumene oonerera rivesi yanu amakhala ochepa. Popita dzerani pa sikelo ya magalimoto ya m'dera lanu, weighbridge, muyezetse kalavani italongedzedwa, muyerekeze ndi MTPLM ya pa kachitsulo kaja.