Mabvuku ndi Tafara: mudzi wa matchona kum'mawa kwa Halale

Mukakwera kombi m'tauni ya Harare, ku Zimbabwe, n'kutsata msewu wa ku Mutare, mumadutsa mafakitale a ku Msasa, kenako damu la Cleveland, ndiye n'kukhotera kumanzere. Ulendo wake ndi wa makilomita pafupifupi 17. Kumeneko ndi ku Mabvuku, ndipo mbale wake Tafara ali pambali pomwepo. Mshona akamanena za malowa amangoti ndi lokesheni, poti Khrisimasi ikafika iye amamanga katundu kupita kumudzi, ku Murehwa kapena ku Mutoko. Ife ana ndi zidzukulu za anthu a ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mangochi tilibe kwina kolowera. Mudzi wathu ndi womwewu, ndipo n'chifukwa chake nkhani ya madzi ndi ya voti kunoko imatikhudza mosiyana ndi anzathu.

Dera lonseli kale linali la anthu otchedwa VaShawasha, ndipo mishoni ya Chishawasha, yomwe ansembe a Chijezwiti anatsegula mu 1892, ili kuseri kwa mapiri chakumpoto. Lamulo logawa malo la 1930 linapatsa azungu matauni, munthu wakuda n'kukhala mlendo wongobwera kudzagwira ntchito. Koma azungu a ku Highlands ndi ku Greendale ankafuna wowaphikira, wochapa ndi wosamalira maluwa, ndipo ankamufuna pafupi. Choncho m'zaka za m'ma 1950 kunamangidwa Mabvuku wakale, m'ma 1960 kunabwera Tafara, ndipo kumayambiriro kwa m'ma 1970 anawonjezera New Mabvuku. Dzina loti Tafara m'Chishona limatanthauza kuti tasangalala.

Ntchito za m'nyumba za azungu zinali m'manja mwa anthu ambiri ochokera ku Nyasalande, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia. Ena anabwera kudzera ku Mthandizi, bungwe lija lolemba anthu ntchito, ena pa magalimoto a Ulere, ena wapansi kudzera ku Tete n'kuwoloka Zambezi. Nthawi ya chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, njira inali yotseguka kwambiri. Agogo anga aamuna anali khukhi. Ankapalasa njinga m'bandakucha kukayatsa moto kwa bwana, n'kubwera usiku ana atagona. Ankati adzabwerera kumudzi akadzagula makina osokera. Makinawo anagula, koma kumudzi sanapite, ndipo kwawo anayamba kuwatchula kuti mtchona. Ena analowa ntchito ku fakitale ya simenti yomwe ili m'mphepete mwa lokesheni, ija inkatchedwa Circle Cement, kenako Lafarge, pano Khayah.

Anthu amenewa sanangogona m'nyumba za khonsolo ayi, anamanga mudzi. Anakhazikitsa mabungwe a maliro, poti munthu wopanda abale pafupi amaopa kuikidwa ngati galu. Anamanga mipingo, ndipo CCAP inakula mpaka kukhala ndi sinodi yakeyake kuno. Ayao anamanga mizikiti n'kumavina beni. Gule wamkulu anapeza dambwe lake m'tchire la kunja kwa lokesheni, ndipo mpaka lero Ashona akamva ng'oma amati kwabwera zvigure, ana n'kuthawira m'nyumba. Amatitcha Manyasarande, ena mabwidi pofuna kutinyoza, koma ana awo anakwatirana ndi ana athu, ndipo m'nyumba zambiri agogo amafunsa m'Chichewa mdzukulu n'kuyankha m'Chishona. Ufulu utabwera mu 1980, anthu okhala m'nyumba za khonsolo analoledwa kuzigula. Kwa mtchona chimenechi chinali chinthu chachikulu zedi: kwa nthawi yoyamba anali ndi dothi loti n'lake. Kuseri kwa nyumba anayamba kumanga tizipinda ta ana ndi ta anthu olipira lendi, lokesheni n'kudzaza kuposa mmene anaikonzera.

Apa ndi pomwe nkhani ya madzi imayambira. Damu la Cleveland, lomwe timalidutsa tsiku ndi tsiku, linamangidwa mu 1913 ndipo ndi lomwe linkamwetsa tauni poyamba. Mzinda utakula, mu 1952 anamanga damu lalikulu pa mtsinje wa Manyame, lomwe pano ndi nyanja ya Chivero, kumadzulo kwenikweni. Madzi amayeretsedwa ku Morton Jaffray, kenako amapopedwa kudutsa mzinda wonse, kukwera mtunda, mpaka kudzafika m'matanki a ku Donnybrook omwe amatumikira ife. Ndiye kuti tili kumapeto kwa paipi, komanso pamtunda. Madzi akachepa, kapena magetsi akazima, kapena paipi ikaphulika panjira, oyamba kuuma ndife. Chinanso n'chakuti Chivero ili kumunsi kwa mzinda, choncho zonyansa za m'masuweji zimatsikira momwemo, ndipo kuti madziwo amweke pamafunika mankhwala ambiri ogula ndi ndalama zakunja. Mu Seputembala 2019 Morton Jaffray anaitseka kumene chifukwa mankhwala anatha. Ngongole ya madola 144 miliyoni yomwe inatengedwa ku banki ya ku China kuti akonzere makinawo sinasinthe zinthu kumapeto kuno.

Pali ana obadwira ku Tafara omwe anafika ku sekondale asanaonepo mpopi wa pakhomo pawo ukutulutsa madzi. Moyo unasamukira pa mjigo ndi pa zitsime zokumba kuseri kwa nyumba. Amayi amadzuka nkhuku zisanalire kukaika zigubu pamzere, atsikana amachedwa kusukulu, ndipo anyamata a mawilibala amagulitsa madzi pa ndowa. Kolera ya 2008 ndi 2009, yomwe inapha anthu opitirira 4,000 m'dziko muno, inaonetsa poyera zomwe zimachitika chitsime chikayandikana ndi suweji yophulika. Zina zilipo ndithu: sukulu, chipatala cha Mabvuku Polyclinic komwe amayi amachilira, mashopu a pa Kamunhu, mabwalo a mpira. Koma chipatala chopanda madzi odalirika chimagwira ntchito movutika.

Ndale za kuno zimazungulira pamenepa. Chipani chotsutsa boma cha MDC chitabadwa mu 1999, malokesheni a Harare anachikonda, ndipo mu 2002 a Elias Mudzuri anasankhidwa kukhala meya. Sanakhalitse. Nduna ya maboma aang'ono, a Ignatius Chombo, inawaimitsa, mzinda n'kuyamba kuyendetsedwa ndi komishoni ya a Sekesai Makwavarara. Madzi anaperekedwa ku bungwe la boma la ZINWA, kenako mu 2009 anabwezedwa ku khonsolo. Chiyambire nthawi imeneyo khonsolo imaloza boma kuti silipereka ndalama ndi madamu, boma limaloza khonsolo kuti ikulephera ntchito. Ine ndimaona kuti mbali zonse ziwiri zinazolowera kuti kum'mawa kuno anthu amadzithandiza okha.

Kwa ife panali bala lina pamwamba pake. Lamulo la unzika la 2001 linati aliyense amene angakhale ndi unzika wa dziko lina kudzera mwa makolo aukane mwalamulo, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Anthu obadwira ku Mabvuku, oti Malawi sanamuonepo, anapezeka ndi zitupa zolembedwa chilembo A, kutanthauza mlendo, ndipo ambiri anabwezedwa pa chisankho cha 2002. Munthu wolipira lendi ndi madzi kwa zaka 40 analibe mawu posankha khansala wa wodi yake. Ndiye mu Meyi 2005 kunabwera Murambatsvina, ntchito ya boma yogumula nyumba zomwe linkati n'zosaloledwa. Tizipinda tija ta kuseri anatigumula, anthu n'kuuzidwa kuti abwerere kwawo. Nthumwi ya bungwe la United Nations, mayi Anna Tibaijuka, inalemba kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera chakudya. Mshona anali ndi kumudzi kothawira, ngakhale movutika. Mdzukulu wa mtchona akanabwerera kuti? Ambiri anatayidwa pa famu ya Caledonia, moyandikana ndi Tafara, ndipo pamalo pamenepo pano pamera mzinda wina waukulu wotchedwa Eastview, womangidwa kudzera m'makopaletivu ndi anthu ogulitsa malo mwachinyengo, misewu ndi mapaipi zisanafike. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndi amene anabweza unzika kwa obadwira muno omwe makolo awo anachokera m'maiko a SADC, ngakhale kusintha chitupa kunatengera ambiri maulendo angapo.

Magazi nawo anakhetsedwa. Tonderai Ndira, mnyamata wa ku Mabvuku wa chipani cha MDC, anatengedwa pakhomo pake mu Meyi 2008 n'kupezeka atafa. Mu Novembala 2023 m'busa Tapfumaneyi Masaya anagwidwa akuchita kampeni ya chipani chotsutsa cha CCC kunoko, nayenso n'kupezeka atafa.

Chaka cha 2023 chimenecho chinaonetsa kulemera ndi kupepuka kwa voti yathu. A Pedzai Sakupwanya, odziwika kuti Scott, ochita malonda a golide, anaimira chipani cholamula cha ZANU-PF, ndipo pa kampeni anabweretsa katswiri wa nkhonya Floyd Mayweather m'lokesheni momwemuno. Mu Ogasiti anthu anasankha a Munyaradzi Kufahakutizwi a CCC. Mu Okutobala, a Sengezo Tshabangu, omwe ankadzitcha mlembi wamkulu wa chipanicho, analembera Nyumba ya Malamulo kuti aphungu angapo achotsedwe, kuphatikizapo wathu. Khoti linaletsa ochotsedwawo kuimanso pa chisankho chobwereza cha mu Disembala, ndipo a Sakupwanya analowa popanda wopikisana nawo. Amayi ena achikulire a mu mpingo mwathu, omwe anadikira zaka zoposa 10 kuti chilembo A chichoke pa chitupa chawo, anandifunsa kuti, "Mwanangu, nanga tinkaimiranji pamzere paja?" Ndinasowa chowayankha.

Pano maso a anthu ali pa damu la Kunzvi, lomwe likumangidwa pa mtsinje wa Nyaguwe cha ku Goromonzi. Lakhala likukambidwa kwa zaka makumi angapo, ndipo ubwino wake ndi wakuti lili kum'mawa, mbali yathu, kotero kuti Mabvuku ndi Tafara adzakhala koyambirira kwa paipi. Agogo anga aja anagona ku manda a ku Mabvuku, pamodzi ndi anzawo a ku Ntcheu omwe ankasonkha nawo ndalama za bungwe la maliro. Nyumba yomwe anagula ikadalipo, ndipo mpopi womwe anaika panja pa khitchini amayi sanalole kuti tiuzule.