Kukopera pa bolodi si kudziwa kulemba Chizungu

Mphunzitsi watsopano akapatsidwa giredi 3 ku Kanyama kapena ku Chawama mu Lusaka, chimene chimamupusitsa msanga ndi makope aukhondo. Ana amakopera ndime yonse pa bolodi osalakwitsa, koma mukafufuta n'kuwauza kuti alembe za amayi awo, mapensulo onse amaima. Kukopera kumaphunzitsa dzanja lokha.

Zolakwa za ana a mu Lusaka sizibwera mwangozi. Zambiri zimachokera ku Chinyanja cha kunyumba. Ife tili ndi mavawelo asanu, ndipo amamveka monga momwe alembedwera, pamene Chizungu chimatulutsa mamvekedwe oposa 10 pa zilembo zomwezo. N'chifukwa chake mwana amamva "ship" ndi "sheep" ngati mawu amodzi. Mawu athu amathera ndi vawelo, ndiye mwana amawonjezera yake n'kulemba "bedi" pofuna "bed". Kwa ife l ndi r sizisintha tanthauzo, motero "play" ndi "pray" zimasinthana. "Iye" ndi mwamuna kapena mkazi, choncho amayi amasanduka "he". Mwanayo si mbuli, akungotsata malamulo a chilankhulo chimene amachidziwa bwino.

Yambani ndi pakamwa, chifukwa mwana sangalembe chiganizo chimene sananenepo. Bweretsani chinthu chodziwika, kaya tomato kapena botolo la maheu, ana achifotokoze m'Chinyanja kwa mphindi 5, kenaka muwathandize kunena zomwezo m'Chizungu. Lembani nawo limodzi ziganizo zitatu pa bolodi, iwo akunena, inu mukulemba mukutchula liwu lililonse. Mukatero fufutani, musiye chiyambi chokha, monga "My mother sells", aliyense amalize yekha. Ziganizo ziwiri za m'mutu mwake n'zokwanira tsiku limenelo.

Pochonga m'pamene ambiri amawonongera. Chiyambire maphunziro aulere mu 2022, makalasi ambiri a boma ndi odzaza, ndipo simungathe kuwerenga kope lililonse tsiku ndi tsiku. Gawani kalasi m'magulu asanu, gulu limodzi patsiku. Sabata iliyonse yang'anani cholakwa chimodzi chokha, ndipo auzeni ana pasadakhale kuti ino ndi sabata ya chilembo chachikulu ndi mpumiro, ya mawa ndi ya "he" ndi "she". Kope likabwerera litafiira paliponse, mwana amayamba kulemba zochepa kuti asalakwe, mwinanso kubwerera kukopera kwa mnzake. Dulani mzere pansi pa liwu lolakwikalo, mwana aliwerenge mokweza, alikonze yekha musanamuuze yankho.