Akasupe otentha a ku Rhynie anawira liti?

Mudzi wa Rhynie uli ku Aberdeenshire, kumpoto chakum'mawa kwa Scotland. Mukafikako lero mupeza minda ndi msipu basi, kulibe nthunzi kapena madzi obwata ngati a pa Chiweta kapena pa Mawira ku Nkhotakota. Koma pansi pa mindayo pagona mwala wolimba wotchedwa chert, umene akasupe otentha anausiya kalekale.

Woyamba kuuzindikira anali dokotala wa anthu, William Mackie, cha m'ma 1912. Anatola zidutswa zake m'mipanda ya miyala ya m'minda, nazidula mopyapyala n'kuziunika pa maikulosikopu. Zimene anaona zimandidabwitsabe: timapesi ta zomera, maselo ake osaphwanyika n'komwe. Pakati pa 1917 ndi 1921, akatswiri a zomera Robert Kidston ndi William Lang anafotokoza zomerazo mwatsatanetsatane, kuphatikizapo Rhynia ndi Asteroxylon, zomwe zili m'gulu la zomera zakale kwambiri za pamtunda.

Zinasungika bwanji chonchi? Madzi otentha akamadutsa m'miyala ya pansi amasungunula silika, chinthu cholimba chimene chimapezeka kwambiri mu mchenga. Akatumphuka n'kuzizira, silikayo amaundana pa chilichonse chimene madzi akhudza, ndipo chomera chimakutidwa chisanawole, monga zichitikira lero pa akasupe otentha a ku Yellowstone ku America. Mwalawo ulinso ndi timbali ta golide, arsenic ndi antimony, zimene madzi otere amanyamula. Pa Windyfield, mamita pafupifupi 700 kuchokera pamenepo, panapezeka miyala yooneka ngati ya pakamwa pa kasupe wolavula madzi m'mwamba.

Zoti panali akasupe, akatswiri amagwirizana. Pamene pavuta ndi pa zaka. M'chaka cha 2011 panatuluka mayankho awiri. Gulu lina linapima uranium ndi mtovu m'timiyala ta zircon ta m'chiphalaphala chouma cha pa Milton of Noth, pafupi pomwepo, n'kupeza zaka 411.5 miliyoni. Lina linapima mpweya wa argon mu timiyala ta feldspar timene tinamera m'ming'alu momwe madzi otenthawo ankadutsa, n'kupeza zaka 407.1 miliyoni.

Ine mtima wanga umapendekera ku yankho lachiwiri, chifukwa feldsparyo anabadwira m'madzi enieniwo, pamene chiphalaphala chikhoza kukhala kuti chinayenda akasupe asanayambe. Komabe a zircon sitingawataye, poti njira yawo ndi imodzi mwa zodalirika kwambiri popima miyala yakale. Ndiponso gulu lililonse linavomereza kuti likhoza kuphonya pang'ono: loyamba ndi zaka 1.3 miliyoni, lachiwiri ndi 2.2 miliyoni. Mukachotsera uku n'kuwonjezera uko, mpata wotsala pakati pawo sukwana ngakhale zaka miliyoni imodzi.