Phwando lopanda nyama ku China linachokera kuti?

Ku China kuli maphwando omwe mbale zimafika patebulo motsatizana, ina yooneka ngati bakha wootcha, ina ngati nkhuku kapena nsomba, chonsecho kukhitchini sikunaphedwe chamoyo chilichonse. Gwero lake lili m'nyumba za amonke a chipembedzo cha Chibuda.

Kale ku India, amonke ankayenda ndi mbale kupempha chakudya, ndipo nyama ankadya, bola ngati sanaone, sanamve kapena kukayikira kuti chiwetocho achiphera iwo. Chipembedzochi chitafika ku China m'nthawi ya ufumu wa Han, amonke anayamba kukhala ndi minda ndi makhitchini awoawo. Munthu wodziphikira yekha sanganene kuti wangolandira zomwe am'patsa. Amene anaikapo lamulo ndi Mfumu Wu ya ufumu wa Liang, yomwe inalamulira kuyambira 502 mpaka 549. Inauza amonke aamuna ndi aakazi kuti asiye nyama ndi mowa, ndipo mu 517 inaletsa kupha ziweto popereka nsembe kwa makolo achifumu. M'malo mwake ankaumba tiziweto ta ufa. Anthu anang'ung'udza kwambiri, poona ngati makolo awamana chakudya, koma mfumuyo sinabwerere m'mbuyo.

Tsono kukachisi kumabwera alendo olemekezeka, nduna ndi anthu achuma opereka mphatso, ndipo mlendo wotere sungam'patse masamba owiritsa basi. Apa m'pamene luso linakulira. Ophika ankakanda ufa wa tirigu n'kuutsuka m'madzi mpaka kutsale chonanda chokhachokha, chotchedwa mianjin, chomwe chimatafunika ngati mnofu. Ankayengula kakhungu kochita pamwamba pa mkaka wa soya wowira, n'kukapindapinda ndi kukakazinga kuti kafanane ndi khungu la bakha. Kukoma kunkachokera ku bowa wouma ndi mphukira za nsungwi, pakuti adyo ndi anyezi n'zoletsedwa kwa amonke, poti amati zimautsa zilakolako ndi ukali. Tangoganizani kukonza phwando lonse popanda anyezi!

Pofika nthawi ya ufumu wa Song, 960 mpaka 1279, zakudyazi zinali zitatuluka m'makachisi n'kumagulitsidwa m'malesitanti a m'mizinda ya Kaifeng ndi Hangzhou. Ku Shanghai, lesitanti ya Gongdelin, yomwe inatsegulidwa mu 1922, imadziwikabe ndi "nkhanu" yopangidwa ndi mbatatesi ndi karoti.

Mkangano ulipo mpaka lero. Abuda ena amati kuumba bakha wabodza n'chizindikiro choti mtima ukadali pa nyama, motero makachisi ena amapereka masamba ndi tofu (chakudya choundana chopangidwa ndi mkaka wa soya) mmene zilili. Ine ndili mbali ya ophika aja. Cholinga cha lamulolo chinali kupulumutsa moyo wa chiweto, ndipo m'mabanja ambiri agogo amasala nyama pa tsiku loyamba ndi la 15 la mwezi wa kalendala yachikhalidwe ya ku China pomwe zidzukulu sizisala. Bakha wa soya ndi amene amawakhazika patebulo limodzi.