Mukafuna kupalasa njinga mosatopa m'nkhalango, funani njanji yakale

Anthu ambiri amene ndimawaphunzitsa kupalasa amabwera atangogula njinga ija ya matayala owonda ndi chiwongolero chopindikira pansi, ndipo funso lawo limakhala lofanana: kodi ndingakapalase kuti komwe sindizingocheukacheuka kuopa galimoto? Ena amaonjezera kuti akufuna pamthunzi, pafupi ndi nkhalango, koma miyendo yawo sinazolowere zitunda. Ndimawauza kuti atsegule mapu n'kuyang'ana komwe kale kunkadutsa sitima.

Nkhani yake yagona pa gudumu la sitima. Chitsulo pa chitsulo sichigwirana kwenikweni, n'chifukwa chake sitima imakoka katundu wolemera ndi mphamvu yochepa, komanso n'chifukwa chake chikweza chimaivuta. Omanga njanji ankayesetsa kuti njira isakwere kupitirira mita 1 kapena 2 pa mamita 100 aliwonse. Ankadula zitunda, kukwirira zigwa, kumanga milatho, ngakhale kuboola mapiri. Sitima zikasiya kuyenda, thukuta lonselo limatsala pomwepo. Mukazula zitsulo n'kusalaza pamwamba, mwapeza njira yoti mwana ndi agogo ake apalase limodzi akucheza. Msewu wamba wa m'mapiri umatha kukwera mamita 8 kapena 10 pa 100, ndipo pamenepo munthu wongoyamba amatsika n'kuyamba kukankha.

Ku United States njira zotere zachuluka, mwa zina chifukwa cha lamulo la mu 1983 lolola kuti njanji yosiyidwa isagawidwe m'zidutswa, koma isungidwe ngati njira ya anthu oyenda pansi ndi apanjinga mpaka tsiku limene sitima zingadzafunikenso. Bungwe la Rails-to-Trails Conservancy, lomwe linayamba mu 1986, lakhala likulimbikitsa ntchito imeneyi. Sizinangochitika mwangozi kuti zambiri mwa njirazi zimadutsa m'nkhalango za boma: njanjizo zinamangidwa kuti zikatute mitengo, malasha ndi miyala ya m'migodi, ndipo malo ambiri amene anadulidwa mitengo mpaka kuyera ndi omwe maboma anadzagula n'kuwasandutsa nkhalango zotetezedwa.

Kwa mwini njinga ya matayala owonda, chitsanzo chabwino ndi Withlacoochee State Trail ku Florida. Ndi yotalika pafupifupi makilomita 74, yaphula kuchokera koyambira mpaka kothera, ndipo imadutsa m'matauni aang'ono monga Inverness ndi Floral City komanso m'chigawo cha nkhalango ya Withlacoochee State Forest. Chigawo chakumwera, cha ku Croom, ndicho chili phee: mitengo mbali zonse, mthunzi wautali, phokoso lokhalo la tcheni chanu. Nthawi zina mumapeza kamba wa mtundu wokumba mauna ali pakati pa phula, akuwoloka mosafulumira. Ndi nyama yotetezedwa ndi lamulo, choncho mumangomulambalala. Ubwino wina ndi woti malo olowera m'njirayi ndi ambiri, moti simukakamizidwa kumaliza makilomita onse 74. Mutha kupalasa 10, kubwerera, tsikulo n'kukhala lakwana.

Yerekezani ndi Pine Creek Rail Trail ku Pennsylvania, ya makilomita pafupifupi 100, yodutsa m'nkhalango za Tioga ndi Tiadaghton motsata mtsinje pansi pa chigwa chakuya. Sitima yomaliza inadutsa kumeneko mu 1988. Kukongola kwake n'kosayamba, ndipo chikweza chake n'chosamveka m'miyendo, koma pamwamba pake si phula. Ndi timiyala ta laimu tophwanyaphwanya totsenderedwa. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, poganiza kuti njira iliyonse yopanda galimoto ndi yoyenera njinga iliyonse. Tayala la mamilimita 25 m'lifupi lopopedwa gwa limayenda bwino paphula, koma patimiyala limadumphadumpha, manja amachita dzanzi, ndipo mvula ikagwa limatitimira n'kumakoka ngati muli pamchenga. Panjira yotere ndimalangiza tayala la mamilimita 32 kapena 35, ndi mpweya wocheperako kusiyana ndi umene mumaika paphula. Musanagule matayala otakatawo, onani kaye ngati angakwane pakati pa foloko ndi mabuleki a njinga yanu, chifukwa njinga zakale za mpikisano zambiri sizilola tayala loposa 28.

Palinso kusiyana kumene anthu saakuganizira: njira ya njinga ndi msewu wa m'nkhalango si chinthu chimodzi. Pamapu msewu wa m'nkhalango umaoneka wopanda anthu, koma nkhalango ya boma ndi malo a ntchito. Mumadulidwa mitengo, ndipo lole yodzaza zipika ikatulukira pakona siima msanga. Ngati mukufuna kopanda galimoto ndithu, tsimikizani kuti njirayo ndi yotsekedwa kwa magalimoto, osati yongosowa magalimoto tsiku limenelo.

Ngakhale panjira yotsekedwayo, ngozi zambiri zimene ndaziona zimachitikira malo awiri. Oyamba ndi pamene njira ikudutsana ndi msewu. Munthu wapalasa theka la ola osaona galimoto, maganizo apita kutali, kenaka njira yatulukira pamsewu mwadzidzidzi. Nthawi zambiri chikwangwani choimitsa chimakhala kwa inu wapanjinga, osati kwa woyendetsa galimoto. Achiwiri ndi pamthunzi womwewo timaufunawo. Mizu ya mitengo imatukula phula kukhala timizere tating'ono, ndipo kuwala kodukizadukiza kwa pansi pa mitengo kumatibisa. Masamba onyowa, kuphatikizapo a paini onga singano, amaterera, makamaka pamilatho yamatabwa. Mukaona zotere musagwire buleki yakutsogolo mwamphamvu; chepetsani liwiro musanafikepo, dutsani chiwongolero chili chowongoka.

Kalendala ya nkhalango nayonso muidziwe. M'nkhalango zambiri za boma alenje amaloledwa kusaka pa nyengo yake, ndipo pa nthawiyo chovala chowala cha mtundu wa lalanje n'chofunika. Ku Florida oyang'anira nkhalango amatentha tchire mwadala kuti mitengo ya paini ya kumeneko imere bwino, choncho tsiku lina mungapeze utsi kapena chigawo chotsekedwa. Zonsezi amalengeza, mungofunika kufufuza musananyamuke.

Za katundu sindichulukitsa: madzi okwanira, chubu chapadera, pampu, ndi zotsegulira tayala. M'chigwa ngati cha Pine Creek netiweki ya foni imasowa malo ambiri, ndiye tayala likaphwa wokonza ndinu nokha. Phunzirani kusintha chubu muli pakhomo, osati muli pakati pa nkhalango udzudzu ukukulumani.

Chomaliza chimene ndimaumirira ndi mbali yoyambira. Chikweza cha njanji sichioneka ndi maso, moti munthu amayamba motsetsereka, mphepo ili kumbuyo, n'kumadzitama kuti lero miyendo yadzuka bwino. Amazindikira pobwerera, madzi atatha, kuti makilomita 20 onse ndi okwera pang'onopang'ono. Ngati njira ikutsata mtsinje, yambani molowera komwe madzi akuchokera, ndipo onani komwe masamba akuweramira kuti mudziwe mphepo n'kuyamba moyang'anizana nayo. Tembenukani mukadali ndi mphamvu, pamene botolo la madzi lisanafike pakati.