Kompresa ikayamba kulavula madzi

Mvula ikangoyamba mu Novembala, opopera penti ndi vanishi kuno ku Zomba, kaya ku Chinamwali kaya ku Mpondabwino, amayamba kudandaula zofanana: gani yopopera ikulavula timadontho ta madzi, penti yatupa timatuza, vanishi wayera ngati chifunga. Ambiri amathamangira kukagula sefa yamadzi n'kuimanga pakamwa pa thanki ya kompresa, makina opanikiza mpweya aja. Mawa lake madzi aja ali pomwepo, ndiye amati sefayo ndi yachinyengo. Nthawi zambiri sefayo ilibe mlandu, yangoikidwa pamalo olakwika.

Madziwo amachokera mu mpweya womwe tikupumawu. Pa madigiri 30, mpweya wokwana kiyubiki mita imodzi umatha kunyamula magalamu pafupifupi 30 a nthunzi. Tiyerekeze kompresa yokoka malita 200 pa mphindi, tsiku lotentha chonchi chinyezi chili pa 80 peresenti. Pa ola limodzi yameza magalamu pafupifupi 290 a madzi. Ikaupanikiza mpweyawo kufika pa 8 bar pa geji (bar ndi muyeso wa kupanikizika kwa mpweya), umapanikizika pamalo ochepa kasanu n'kanayi, ndipo ukazizira kubwerera pa madigiri 30 ungasunge magalamu 40 okha. Otsalawo, pafupifupi kota ya lita pa ola, ayenera kugwera penapake.

Nkhani yagona pa kuziziraku. Mpweya umatuluka mu pampu uli wotentha kwambiri, ndipo ukadali wotentha madzi ake amakhala nthunzi. Sefa wamba imagwira madontho basi, nthunzi imangodutsa. Kenako mpweya uja umakazizirira mu paipi yalabala imene yagona pasimenti, madontho n'kubadwira mmenemo, mpweyawo utadutsa kale sefa, n'kulunjika ku gani.

Choncho uziziritseni kaye. Pakati pa thanki ndi sefa pakhale paipi yachitsulo kapena ya kopa yotalika mamita osachepera 6, ndipo ikatalika kuposa apo ndi bwino. Ngati shedi yanu ndi yaing'ono, ikhoteni paipiyo izikwera ndi kutsika pakhoma, ndipo pansi pa khota lililonse muikepo kavalavu kokhetsera madzi. Ena amapinda paipi ya kopa n'kuimiza mu diramu la madzi ozizira, monga amachitira otcheza kachasu, ndipo zimathandizadi, bola valavu ikhale potsika penipeni.

Paipi yoyenda chopingasa isakhale yowongoka ndendende. Izitsika pang'ono potalikira kompresa, sentimita imodzi pa mita iliyonse, mpaka kukathera pa kapaipi koloza pansi kokhala ndi valavu. Potengera mpweya wopita ku chida, bowolani pamwamba pa paipi, osati pansi pake pamene madzi amayenda.

Mapaipi a PVC a madzi aja musayerekeze n'komwe, ngakhale ndi otchipa. Madzi akaphulitsa paipi amangotayika, koma mpweya wopanikizidwa umaiswa n'kumwaza zidutswa zakuthwa m'maso mwa munthu.

Pansi pa thanki pali kavalavu kamene eni makompresa ambiri sanakagwirepo chigulireni. Katseguleni tsiku lililonse poweruka, mphamvu ya mpweya itatsika ndithu koma isanatheretu, mpaka madzi ofiira aja atasiya kutuluka. Kufiirako ndi dzimbiri, thanki ikudyeka mkati momwe simukuona. Thanki ikafika pobooka ndi dzimbiri, musapite nayo kwa owotcherera. Pamene pabookapo ndi pamene pangoyamba kuonekera, chitsulo chonse chapansi chapyapyala, ndipo thanki yotere ikaphulika imapha. Ndikudziwa kuti yatsopano ndi ndalama zambiri, komabe pamenepa palibe zokambirana.

Wopopa matayala kapena wophulitsa fumbi, zimenezi zamukwanira. Wopenta galimoto kapena mipando yodula awonjezere botolo la silica gel pakati pa sefa ndi gani, chifukwa timikanda timeneti timayamwa nthunzi imene yatsala. Tabuluu timasanduka tapinki tikakhuta. Tiumitseni mu uvuni pa madigiri pafupifupi 120 ndipo tigwiranso ntchito. Mukaika botololi pakati pa thanki ndi sefa, madontho amatikhutitsa msangamsanga. Makina oumitsa mpweya pouziziritsa ngati firiji, mpaka pafupi madigiri 3, alipo, koma kwa munthu wopenta mageti awiri pa mwezi kuseri kwa nyumba, ndalama imeneyo ndi bwino igule paipi yachitsulo.

Onaninso pamene kompresa ikukokera mpweya. Isakhale pafupi ndi bafa, mpopi kapena potsukira galimoto. Ndipo musapusitsike ndi miyezi ya Juni ndi Julayi poganiza kuti mvula yatha: chiperoni chikakuta phiri, mapaipi amazizira kwambiri ndipo madontho amapangika msanga.

Musanayambe kupopera, lozetsani mpweya pagalasi loyera kwa mphindi imodzi. Likachita nkhungu kapena timadontho, penti isatsegulidwe. Bwererani ku mavalavu aja.